Chidole cha mafupa chituluke m'kabati

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za chidole cha mafupa a munthu chomwe masukulu ena a sekondale ali nacho koma sachigwiritsa ntchito. Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo Biology, chidolechi chinkangokhala chokiyiridwa m'kabati chifukwa makolo ena anadandaula kuti aphunzitsi akusunga maliro mu labu. Chonsecho chinali chapulasitiki, cholumikizidwa ndi timawaya. Ana omwe ankachithawawo ndi omwenso ankayenda pamsika atavala matisheti apakaunjika ojambulidwa chibade.

Manthawo sindikuwanyoza ayi. Kwathu kuno fupa la munthu malo ake ndi kumanda, ndipo kumanda munthu salowako chisawawa, amatsogola ndi amfumu ndi adzukulu. Tinaonanso anthu oipa mtima akufukula manda a abale athu achialubino, mpaka Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa zilango mu 2016. Munthu akaona fupa n'kuganiza za ufiti kapena upandu, sindingamutche mbuli.

Komabe ine ndikayang'ana mafupa ndimaona kukongola. Mwana amabadwa ndi mafupa pafupifupi 270, ndipo akamakula ena amalumikizana n'kutsala 206. Dzanja limodzi lokha lili ndi 27, n'chifukwa chake limatha kugwira khasu m'mawa, madzulo n'kulowetsa ulusi pasingano. Kafupa kakang'ono kwambiri kali m'khutu, sikafika ngakhale pa kambewu ka mpunga, koma kakauma munthu amayamba kugontha. Magazi amene timathamangira kukapereka m'bale akadwala amapangidwa m'kati mwa mafupa momwemo.

Chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya liwombo. Liwombo ndi mpata umene mafupa a mutu wa khanda sanakumane. Kusalumikizana kwa mafupawo kumathandiza kuti mutu udutse pobadwa ndiponso kuti ubongo ukule, ndipo mpatawo umatsekeka wokha mwana asanakwanitse zaka ziwiri. Likalowa m'kati, kawirikawiri ndiye kuti mwanayo watha madzi m'thupi, makamaka akamatsekula m'mimba. Apo chofunika ndi bere, Thanzi ORS ndi kuthamangira kuchipatala, osati kumata phula pamutu. Mtsikana wa Fomu 3 amene anagwirapo chibade chapulasitiki n'kutsata ndi chala mizere yomwe mafupawo amakumana, nkhaniyi amaimva kamodzi. Tikamubisira chidolecho, mawa akadzakhala mayi adzamvera aliyense womuuza zake.

Si kuti ndimavomereza zonse zomwe anzathu akunja amachita ndi mafupa. Ku Sedlec, m'dziko la Czech Republic, kuli katchalitchi kosunga mafupa a anthu osachepera 40,000. Mu 1870 mmisiri wosema mitengo, František Rint, anawasanja mwaluso mpaka kupanga nawo choikapo makandulo cholendewera kudenga, ndipo alendo amalipira kuti akaone. Luso lilipo, sindikana. Koma amenewo anali agogo a anthu, ndipo mtima wanga sulola kuti munthu asanduke chokongoletsera nyumba, ngakhale ikhale ya Mulungu. Chidole chathu chilibe vuto limenelo: sichinabadwe, sichinalilidwe, palibe mwini mbumba angabwere kudzachiitanitsa.

Pempho langa kwa akuluakulu a masukulu ndi makomiti a makolo ndi lakuti pamsonkhano wa PTA chidolecho achiike patebulo, makolo achigwire okha, aone timawayato. Masukulu a kumpoto, ndi ena amene thumba lingawalole, atengere ana kunyumba yosungira zinthu zakale ya ku Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004. Kumeneko kwaimikidwa chifanizo cha mafupa a Malawisaurus, chinyama chomwe chinkayenda m'dera limenelo zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mwana wamantha angayambire pamenepo, poti mafupa a chinyama saopsa aliyense, kenako a munthu adzabwere pambuyo.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mchinji