Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zachilungamo: ufulu wa thanzi ulembedwe m'malamulo aakulu a dziko

Olemekezeka a Nduna,

Ndalemba poyera chifukwa makalata awiri omwe ndinapereka kwa atsogoleri a kudera kwathu sanayankhidwe mpaka lero.

Amayi anga amadwala shuga ndi BP. Tsiku la sikelo yawo amadzuka tambala woyamba, kukwera kabaza kupita kuchipatala chaching'ono cha boma, n'kukhala pabenchi mpaka dzuwa kufika paliwombo, m'mimba muli gwa. Adokotala amawayeza bwinobwino, kulemba m'buku, kenako mawu omwe aja: "Mankhwala atha mayi, mukagule ku famase." Mwezi wathawu anabwerako ndi panado. Tinagulitsa mbuzi, ndalama yake yatha, ndipo miyendo yawo yatupa moti nsapato sizikulowanso. Sindikudandaula za anamwino ayi, nawonso amangogwira pakamwa.

Ndinapita kwa loya wina kukafunsa ngati tingasume. Ananditsegulira malamulo oyendetsera dziko a 1994. Zaumoyo ndi zakudya zilimo mu gawo 13, koma gawo 14 likuti zimenezo ndi mfundo zongolozera boma njira. Gawo 30 limatchula chithandizo cha kuchipatala, chakudya ndi pogona pansi pa ufulu wa chitukuko, komabe mawu ake ndi akuti anthu akhale ndi mwayi wofanana. Kufanana pa shelefu yopanda kanthu, bwana? Maphunziro anapatsidwa gawo lawolawo, la 25. Thanzi linalakwanji?

Anzathu a ku South Africa anaulemba ufuluwu mu gawo 27, ndipo mu 2002 khoti linalamula boma kupereka nevirapine, mankhwala oteteza mwana kuti asatengere HIV, kwa amayi oyembekezera omwe ali ndi kachilomboka. Kenya inaulemba ufuluwu m'malamulo ake mu 2010, Zimbabwe mu 2013. Kwathu konkuno, pa mlandu wa mkaidi wina dzina lake Masangano mu 2009, bwalo lalikulu linakana zoti kusowa ndalama kukhale chifukwa chomanira akaidi chakudya chokwanira.

Ndikudziwa kuti inu simugula mankhwala, ndipo ntchito yanu ndimailemekeza. Koma malonjezo tatopa nawo. Mu 1993 dziko lino linalowa m'pangano la United Nations la ufulu pa zachuma ndi chikhalidwe cha anthu. Ku Abuja mu 2001 maiko a mu Africa anagwirizana zoti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Kampeni iliyonse timamva zoti mankhwala sadzasowanso, tikavota zii.

Pempho langa ndi ili: pititsani ku Nyumba ya Malamulo bilu yoika ufulu wa chithandizo cha kuchipatala, chakudya ndi madzi abwino mu Mutu 4, momwe muli maufulu oti munthu angathe kukasumira kukhoti. Ngati pakufunika riferendamu, itanitsani, tidzavota. Amayi anga akuyenera kubwereranso kuchipatala sabata yamawa, ndipo mbuzi yatsala imodzi.

Ndine wanu,
Mwana wa mayi wodwala shuga