Opita ku Washington asamangothera m'masitolo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi anzathu amene amapita ku Washington, D.C., kaya ku misonkhano ya World Bank ndi IMF, kusukulu, kapena kukacheza kwa abale ku Maryland ndi Virginia. Ambiri akapeza tsiku lopuma amalithera m'masitolo, kenako n'kukajambulitsa pampanda wa White House, basi ulendo watha. Chonsecho malo ofunika kwambiri kuona mumzindawu salipiritsa ngakhale senti. Amene amabwezedwa pakhomo amabwezedwa chifukwa chosakonzekera, ndiye ndafuna kulongosola makonzekeredwe ake.

Pafupifupi zonse zili m'mbali mwa bwalo lalitali la kapinga lotchedwa National Mall. Kum'mawa kwake kuli Capitol, nyumba ya malamulo, kumadzulo kuli Lincoln Memorial, ndipo pakati pa ziwirizi pali makilomita atatu. Pamapu amaoneka ngati pafupi. Munthu amanyamuka atavala nsapato za kuofesi poganiza kuti azungulira zonse tsiku limodzi, ikamakwana 2 koloko mapazi atatuluka matuza. Mu July ndi August kutentha kumapitirira madigiri 30 ndipo mpweya umakhala wachinyezi, mithunzi pabwalopo ndi yochepa. Myuziyamu imodzi m'mawa, ina masana, zipilala zachikumbutso madzulo: tsiku limodzi silinyamula zoposa pamenepo.

Mamyuziyamu ambiri pabwaloli ndi a Smithsonian, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1846 ndi chuma chimene anasiya James Smithson, wasayansi wa ku Britain yemwe sanapondepo ku America. Ambiri amatsegula 10 koloko m'mawa n'kutseka 5:30 madzulo, tsiku lililonse kupatula pa 25 December. Koma ulere sukutanthauza kungofika n'kulowa paliponse. Ku National Museum of African American History and Culture ndi ku National Air and Space Museum amafuna tikiti yolembedwa tsiku ndi ola lolowera, yotengedwa pa intaneti mosalipira. Ku myuziyamu ya anthu akudayi matikiti amatuluka kukadali masiku 30, ndipo ena ochepa amatulutsidwa m'mawa wa tsiku lomwelo n'kutha mosachedwa. Choncho tikiti imeneyi itengedwe munthu akadali kuno kumudzi, akangodziwa masiku a ulendo. Aliyense wa pagulu akhale ndi yake, ana omwe.

Ngati nthawi ikulola malo amodzi okha, ndi myuziyamu ya anthu akudayi. Myuziyamuyi inatsegulidwa mu September 2016, ndipo alendo ambiri amailowa chambuyo: amathamangira m'zipinda zam'mwamba za nyimbo ndi masewera, n'kutsikira ku mbiri atatopa kale. Yambirani pansi. Chikepe chachikulu chimatsitsa anthu mpaka pansi penipeni pa nthaka, pomwe nkhani imayambira m'zaka za m'ma 1400, ndipo kuchoka pamenepo munthu amakwera pang'onopang'ono kudutsa nthawi ya ukapolo, nthawi ya tsankho lokhazikitsidwa ndi lamulo, mpaka masiku ano. Zipinda zoyambirira ndi zothina komanso zamdima, ndipo anazimanga choncho dala. Muli nkhani ya São José, sitima ya Apwitikizi yomwe inanyamuka pachilumba cha Mozambique mu December 1794 itanyamula akapolo oposa 400 kupita ku Brazil, n'kusweka pafupi ndi Cape Town. Anthu ngati 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konko. Zitsulo zolemera zimene ankaika pansi pa sitimayo kuti isapendeke anazivuula m'nyanja n'kupita nazo ku Washington. Doko la Mozambique linkalandira minyanga ndi anthu ochokera kumtunda, kuphatikizapo madera ozungulira nyanja yathu, ndiye Mmalawi asadutsepo mothamanga ngati nkhani ya eni. Mukapitirira m'myuziyamumo muli kanyumba ka akapolo kochokera ku Edisto Island ku South Carolina, bogi ya sitima yokhala ndi mbali ya azungu ndi ya akuda, ndi bokosi la maliro la Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi mu 1955. M'chipinda cha bokosilo saloleza kujambula, ndipo pamakhala mzere. Gawo la pansili lokha limafuna maola awiri kapena atatu. Lolemba amatsegula 12 koloko masana.

Enawo ndiwadutsa mwachangu. Ku Air and Space kuli ndege ya abale a Wright ya mu 1903 ndi kachipinda ka Apollo 11 komwe kanabweretsa anthu ochokera kumwezi mu 1969. Kuchepa kwake kumadabwitsa kuposa china chilichonse. Ku Natural History, komwe ana amakonda, mukangolowa mukumana ndi njovu ya ku Angola, ndipo m'mwamba muli Hope Diamond, mwala wotchuka wa dayamondi. National Museum of African Art anthu amaisowa chifukwa mbali yaikulu ili pansi pa dimba, kuseri kwa nyumba yofiira yotchedwa Castle. Mulibe chipwirikiti, ndi malo abwino opumirako kukatentha. Pakhomo lililonse amasecha zikwama, ndiye kampeni ka pamakiyi kasiyidwe kunyumba. Ku Capitol amakhwimitsa kwambiri: chakudya ndi madzi omwe salowa nazo.

Washington Monument, chipilala cha mamita 169 chomwe chinamalizidwa mu 1884, chimakwereka pa chikepe. Tikiti yake imasungitsidwa pa recreation.gov ndi dola imodzi, kapena kufola m'mamawa pakanyumba ka pa 15th Street pomwe amagawa za tsiku lomwelo. Zipilala zina sizifuna tikiti ndipo sizitsekedwa usiku, n'chifukwa chake kuzionera masana ndi kuwononga maola a myuziyamu. Pamasitepe a Lincoln Memorial pali mwala wozokotedwa wosonyeza pomwe Martin Luther King Jr. anaima polankhula pa 28 August 1963. Ambiri amaupondaponda osauona chifukwa maso ali pa chifaniziro cha pulezidenti Abraham Lincoln. Chapafupi pali khoma la mayina oposa 58,000 a asilikali a nkhondo ya ku Vietnam, ndipo chakummwera, m'mbali mwa dziwe la Tidal Basin, pali chikumbutso cha King chomwe chinatsegulidwa mu 2011. Mitengo ya maluwa yozungulira dziweli inayamba ndi mphatso ya mzinda wa Tokyo mu 1912. Imachita maluwa kumapeto kwa March kapena kumayambiriro kwa April, kwa masiku owerengeka, ndipo nthawi imeneyo anthu amadzaza.

Za White House, musaikepo mtima. Mlendo wakunja amapempha chilolezo cholowera kudzera ku ofesi ya kazembe wa dziko lake kukadali milungu ingapo, ndipo ngakhale atalola akhoza kuimitsa tsiku lomwelo.

Mayendedwe ndi a sitima ya pansi pa nthaka, Metro. Khadi ya SmarTrip imagundidwa polowa ndi potuluka chifukwa mtengo umatengera mtunda, kotero anthu awiri sangagwiritse khadi imodzi paulendo umodzi. Kudya ndi kumwa m'sitima n'koletsedwa. Pamasitepe oyenda okha, woima aime kumanja, kumanzere n'kwa ofulumira, ndipo eni mzinda sachita manyazi kukuuzani. Masiteshoni a Smithsonian, Federal Triangle ndi L'Enfant Plaza ndi amene ali pafupi ndi mamyuziyamu. Samalaninso ndi maadiresi: mzindawu unagawidwa panayi kuchokera pa Capitol, NW, NE, SW ndi SE, moti nambala ndi dzina la msewu zomwezo zikhoza kupezeka mbali ziwiri zotalikirana. Wosiya zilembo ziwirizo poitanitsa takisi amatsitsidwa kwina.

Chomaliza chimakhudza makamaka opita ku misonkhano ya mu October. Chaka cha boma la America cha zachuma chimayamba pa 1 October, ndipo aphungu akalephera kugwirizana pa bajeti, ntchito zambiri za boma zimaima. Smithsonian imadalira ndalama za boma, choncho imatseka nawo: zinachitika mu October 2013, mu January 2019 ndi mu October 2025. Tikiti yotengeratu siithandiza pamenepo. Sabata yonyamuka, onani pa webusaiti ya Smithsonian ngati ali otsegula, ndipo ngati atseka, sinthirani ku malo osakhala a boma monga myuziyamu ya zojambula ya Phillips Collection ndi tchalitchi cha Washington National Cathedral, koma kumeneko konzani ndalama yolowera.

Wowerenga wanu,
Lilongwe