Aphungu a kuchigwa, za madzi a Ruo ndi Zambezi mudzazifunsa liti ku Nyumba ya Malamulo?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ndi aphungu athu makamaka a ku Nsanje, Chikwawa, Mulanje ndi Thyolo, komanso a unduna woona za madzi. Chaka ndi chaka mvula ikayandikira zomwe timamva ndi zomwe zija, akuti anthu asamuke m'malo otsika, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akonzekera, matenti alipo. Chabwino. Koma sindinamvepo phungu ataima n'kufunsa funso lophweka ili: kodi Ruo akamadzadza, ife ndi anzathu a ku Mozambique timauzana bwanji, amaimbira foni ndani, ndipo uthengawo umatenga maola angati kuti ufike kwa mfumu ya ku Makhanga m'boma la Nsanje?

Mtsinje wa Ruo umayambira m'phiri la Mulanje, ndiye kwa mtunda wautali ndiwo malire enieniwo, tsidya lino Malawi tsidya linalo Mozambique, mpaka kukathira mu Shire pa Chiromo. Mvula yogwa mbali ya Milange imabwera kwa ife chimodzimodzi ngati yogwa ku Muloza. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera m'midzi, anthu a ku Makhanga anatsala pa chilumba, ena anachita kutengedwa ndi mabwato ndi ndege. Mu 2019 kunabwera namondwe Idai, mu Januwale 2022 Ana, mu Malichi 2023 Freddy amene anapha anthu oposa 600 ndipo ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero. Anamondwe onsewa amalowera ku Mozambique asanatipeze ife, kutanthauza kuti anthu oyeza mvula ndi mitsinje kumeneko amayamba kuona zinthu ife tisanazione. Ndiye bwanji nkhani yogawana manambala amenewa sikhala nkhani yaikulu pa bajeti?

Komanso pali Zambezi. Anthu ambiri kumtunda sadziwa kuti Zambezi akadzadza kwambiri madzi a Shire amalephera kuthira bwino, amabwerera m'mbuyo n'kufalikira m'madambo a kumunsi kwa Nsanje. Ndiye amene ali ndi makiyi a mageti a damu la Cahora Bassa ku Tete, ngakhale a Kariba uko pakati pa Zambia ndi Zimbabwe, zochita zawo zimakhudza munda wa mbatata wa mayi wa ku Marka, iye osadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotsegula geti kwinakwake.

Sikuti mapangano palibe ayi, alipo ndithu. Mayiko a SADC anasainirana mgwirizano wa mitsinje yodutsa malire mu 2000. Mu 2004 ku Kasane m'dziko la Botswana kunasainidwa pangano lokhazikitsa ZAMCOM, bungwe loyang'anira chigwa chonse cha Zambezi, lomwe ofesi yake ili ku Harare ndipo limakhudza mayiko 8: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Pafupifupi dziko lathu lonse lili m'chigwa chimenechi, nanga si nyanja yathu ndi Shire zonse zimathera mu Zambezi. Akatswiri athu amapita ku misonkhano imeneyi, nduna zimapita, zithunzi timaziona pa Facebook atavala masuti. Koma akabwerako lipoti lake limapita kuti? Komiti ya Nyumba ya Malamulo yoona zachilengedwe imawaitana n'kuwafunsa kuti mwakagwirizana chiyani, mwalonjeza chiyani m'dzina lathu? Ine ndikuona ngati vuto lili pamenepa, nkhani yonse inasiyidwa m'manja mwa mainjiniya ndi anthu a maprojekiti, andale amangobwera kudzadula riboni ndi kulandira alawansi basi. Pamene amene amapasisa ndalama ndi andalewo.

Ndipo ndalama zake si zoopsa ayi. Choyezera madzi mumtsinje, munthu wochiwerenga m'mawa ndi madzulo amene akulandira malipiro ake pa nthawi yake, foni ya mayunitsi, batire la sola, ndi pangano lolembedwa loti ofesi ya madzi ya ku Mozambique ndi National Water Resources Authority yathu azitumizirana manambala tsiku lililonse nthawi ya dzinja. Zambiri mwa zipangizo zotere zimabwera ndi projekiti ya mabungwe akunja othandiza, projekiti ikatha batire likafa zathera pomwepo chifukwa mu bajeti ya boma mulibe mzere wake. Phungu akhoza kulimbana ndi zimenezi, koma poti choyezera madzi sichioneka pa kampeni ngati mjigo kapena buloko ya sukulu, palibe amachilabadira.

Tsono tisamangoloza anzathu chala, nafenso tili ndi geti. Baraji ya Kamuzu pa Liwonde ndi imene imaletsa kapena kulola madzi a m'nyanja kutsika mu Shire. Mu 2024 tinaona zodabwitsa, pulezidenti analengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha El Niño, chimanga chikupserera kummwera, koma chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kumiza nyumba ndi malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Zinatheka bwanji? Chifukwa madzi ambiri a m'nyanjamu amachokera kumpoto ndi mbali ya Tanzania, mitsinje ngati Ruhuhu ndi Songwe, ndipo kumeneko mvula inagwa. A ku Mangochi ankati tsegulani mageti madzi apite, a kuchigwa ankati mukatsegula mutimiza, a EGENCO, kampani yopanga magetsi, nawo akuganiza za makina awo pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, paja Ana atawononga damu la Kapichira tinataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo tinakhala mumdima kopitirira chaka. Onsewa ali ndi mfundo. Koma kumunsi kwa Nsanje kulinso anthu, a ku Mutarara ndi Morrumbala m'dziko la Mozambique, Asena anzathu omwe timakwatirana nawo ndi kugulitsana nawo nsomba, amene madzi omwewo akawapeza. Ngati ife tikufuna a Cahora Bassa azitichenjeza, nafenso tiziwachenjeza tikamasuntha mageti a pa Liwonde. Mnzako akapsa ndevu m'zimire.

Kumpoto nako nkhani ndi yomweyo. Songwe amasinthasintha njira, munda umene chaka chino uli ku Karonga chaka china upezeka uli ku Tanzania. Mayiko awiriwa anakhazikitsa komishoni ya chigwa cha Songwe, ndipo pali mapulani a damu loti liziletsa kusefukira, kuthirira minda ndi kupanga magetsi pafupifupi mamegawati 180 ogawana. Zaka zapita tikungomva kuti akusaka ndalama. Ndipo poti pali mkangano wa malire a nyanja ndi Tanzania, andale athu akangomva mawu oti nyanja ndi Tanzania m'chiganizo chimodzi amauma pakamwa. Komatu kugawana manambala a mvula ndi a mitsinje sikupereka nyanja kwa munthu ayi, izo ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Za magetsi ochokera ku Mozambique, nthambo zija za ku Matambo kufika pa Phombeya ku Balaka, ndikhudzeko pang'ono. Magetsiwo ndi madzi a Zambezi omwewo. Tinaona mmene anzathu a ku Zambia anavutikira mu 2024 madzi a mu Kariba atatsika kwambiri, magetsi kumazima pafupifupi tsiku lonse. Chilala chikamenya chigwa chonse nthawi imodzi aliyense adzayamba waganiza za anthu ake, ndiye funso loti chaka chouma tidzagawana bwanji lifunika kufunsidwa panopa pamene tikusekererana.

Kwa amabungwe ndi aphunzitsi a m'mayunivesite amene mumadandaula kuti andale samva, nanunso sinthani kachitidwe. Mumawatengera ku hotela kunyanja masiku awiri, kuwaonetsa magirafu m'Chingerezi chovuta, iwo ali pa WhatsApp. Atengeni Febuluwale muwakweze bwato pa Chiromo pomwe njanji inaduka kalekale, muitanenso akuluakulu a boma a tsidya linalo akhale nawo m'bwato lomwelo, mafumu ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi awauze okha kuti chenjezo limawapeza nthawi yanji. Kenako muwalembere funso limodzi pa pepala limodzi loti akalifunse kwa nduna nyumba ikakumana.

Funso langa kwa nduna ya zamadzi ndi ili, ndipo ndikupempha nyuzipepala yanu ilitsatire: pa mtsinje wa Ruo pali zoyezera madzi zingati zomwe zikugwira ntchito lero, ndipo ndi ofesi iti ya ku Mozambique imene timatumizirana nayo manambala ake? Ayankhe mvula isanayambe.

Wowerenga wanu,
Bangula, Nsanje