Sitima yothamanga yopanda malo a thumba la chimanga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaulire m'nyuzipepala yanu, poti pamsonkhano pomwe ndimayenera kunenera izi anandilanda maikolofoni ndisanamalize.

Loweruka lapitali kuno ku Likoma kunabwera bwana wina, dzina ndisunge, wa suti yake ndi nsapato zosongoka. Nsapatozo zinali zouma gwa, chifukwa mwiniwake anabwera pa ndege. Anatisonkhanitsa pansi pa mlambe n'kutiuza kuti akutibweretsera sitima yothamanga ya anthu okhaokha: Nkhata Bay kufika Likoma ola limodzi, kenako Likoma mpaka Senga Bay, mwakuti munthu uzidzamwa phala kuno, nsima ya masana n'kukadyera ku Lilongwe. M'manja munalira, nthungululu zinamveka. Kenako anyamata ake anatambasula chinsalu chokhala ndi chithunzi cha sitimayo, yoyera mbee, ikuuluka panyanja yosalala ngati mafuta m'mbale. Okweramo onse avala magalasi akuda, aliyense kachikwama kamodzi pamwendo.

Ine ndinakweza mkono n'kufunsa kuti thumba langa la chimanga lizikhala pati. Bwanayo anaseka, n'kuyankha kuti, "Mayi, imeneyi si lole."

Si lole! A Mkonzi, mawu amenewa andikhala pakhosi sabata yonse, ndipo ngakhale nsima sikutsika bwino. Si lole! Kodi bamboyu akuganiza kuti ife timawoloka nyanja kukaona maluwa ku Nkhata Bay? Chilumba chino n'cha miyala ndi mchenga, minda yake n'kachepa, chinangwa chomwe timalima sichifikitsa banja kumapeto kwa chaka. Chimanga, shuga, mchere, sopo, simenti, malata, mankhwala a kuchipatala, mabuku a kusukulu, zonsezi zimabwera pamadzi. Pobwerera sitima imanyamula matumba athu a usipa wouma. Ine geni ya usipa ndiyomwe yaphunzitsa ana anga anayi, ndipo pa moyo wanga wonse sindinawolokepo ndi kachikwama kamodzi pamwendo. Ndikachepetsa ndiye matumba asanu, ndowa, ndi mdzukulu kumbuyo. Ndiye munthu wamkulu, wophunzira, wolipidwa mwinanso ndi misonkho yanga, aziseka funso langa pamaso pa mafumu ndi atsogoleri a mipingo? Pachithunzi chonse chija panalibe ngakhale nkhuku imodzi. Panalibe dengu. Panalibe mayi wobereka mwana. Amene anachijambula sanaimepo pagombe usiku sitima ikufika, n'kuona mulu wa katundu wofika m'khosi.

Anthu amaiseka Ilala kuti ndi gogo, ndipo n'zoona, ndi gogo. Anaipanga ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, anailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Imayenda mwa ukalamba wake. Koma gogoyu amasenza anthu mazanamazana ndi katundu matani pafupifupi 100 pa ulendo umodzi, kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba ndi kubwerera, sabata ndi sabata. Amene anaipanga anayamba afunsa kuti anthu a kunyanja amanyamula chiyani. Abwana athu a lero ayamba ndi kufunsa kuti chithunzi chioneka bwanji.

Funso langa lachiwiri, lomwe sindinaloledwe kufunsa, linali la mwera. Aliyense wokulira kuno akudziwa zomwe nyanjayi imachita kuyambira Meyi mpaka Ogasiti. Mphepo imachokera kumwera, imayenda mtunda wautali pamwamba pa madzi popanda chotchinga, ikamafika pakati pa Chizumulu ndi Nkhata Bay mafunde amakhala ataima ngati zipupa, ofupikirana, osakupatsa mpata wopuma. Sitima zothamangazi amazipanga zopepuka dala, zambiri za aluminiyamu, kuti ziziyandama pamwamba. Mafunde akakula zimachepetsa liwiro kapena sizinyamuka n'komwe, apo ayi okweramo amasanza mpaka ndulu. Ndiye ola limodzi lija ndi la mwezi uti? Akuluakulu athu saiwala sitima ya Viphya, yomwe inamira mu 1946 cha kumpoto uko ndi anthu 145, ili yatsopano. Nyanja iyi siona kuti penti ndi watsopano.

Tibwere ku mafuta. Mdzukulu wanga yemwe amayendetsa boti la injini akhoza kuwaphunzitsa abwanawa kwaulere: ukafuna liwiro lowirikiza kawiri, mafuta sawirikiza kawiri ayi, amapitirira kutali. Dizilo ameneyo achokera kuti, m'dziko lomwe galimoto zimagona pamizere ndipo ndalama zakunja zimachita kusakidwa ndi nyali? Chitsulo chimodzi cha injini chikathyoka, tidikira miyezi ingati kuti chifike kuchokera kunja? Ndipo mtengo wonsewo ugwera pa tikiti. Maboti a liwiro a eni ake timawaona kale panyanja pano, ndipo tikudziwa amene amakwera: alendo odzaona malo, a mabungwe, ndi odwala omwe abale awo asonkherana. Mayi wa usipa amangowabayibitsa.

Bwanayo anatchula Zanzibar katatu konse. Inde, pakati pa Dar es Salaam ndi Zanzibar pamayenda sitima zotere, ulendo wa maola awiri, kangapo pa tsiku, ndipo zimadzaza. Koma Zanzibar kuli anthu oposa 1.8 miliyoni, osawerengera alendo osatha chaka chonse. Boma lonse la Likoma, kuphatikiza Chizumulu, kalembera wa 2018 anapeza anthu osafika 15,000. Ngakhale tonse titagwirizana kuti tizikwera mosinthana, ndi makanda omwe, mipando idzakhala ikuyenda yokha pofika mwezi wachitatu. Masamu amenewa safuna digiri.

Ndiye palinso asodzi. Usiku nyanja yonse imakhala nyali zokhazokha, anyamata ali pa chilimira, mabwato ang'onoang'ono ali mbwee, machera atchera paliponse. Chinthu chothamanga ngati minibasi chikadzadutsa pamenepo, adzalipira maukonde ndani? Nanga chikadzagunda bwato?

Komatu vuto si bwana uyu yekha. Kunyanja kuno takhala tikudyetsedwa zithunzi kuyambira kalekale. Nyengo ya kampeni ikayandikira aliyense amakumbuka kuti Malawi ali ndi nyanja, amabwera ndi chinsalu chake, amajambulitsa, amakwera ndege, basi. Pitani ku Usisya, pitani ku Ruarwe, mukaone momwe anthu amakwerera sitima. Imaima patali, anthu amalowa m'madzi mpaka m'chiuno, katundu pamutu, kulimbirana kaboti kowafikitsa pamakwerero, nthawi zina pakati pa usiku. Ndinaonapo gogo wina akukwezedwa ngati thumba la makala, chitenje chili chonyowa, anyamata akukokera kumwamba ena akukankha pansi. Ndinaonapo thumba la shuga likugwera m'madzi mwiniwake akuyang'ana, mpamba wonse kusungunuka. Sitima yaikulu ikapita kokakonzedwa, anthu amadzazana m'maboti a matabwa opanda ngakhale jekete imodzi yopulumutsira moyo. Ndiye pa zonsezi, chosowa chathu chachikulu n'kukadyera nsima ku Lilongwe? Ngakhale ukafike ku Senga Bay mwa liwiro la mphezi, ukakweranso minibasi yodikira kuti idzaze. Ola lomwe wapulumutsa panyanja ukalitaya pa depoti ya Salima.

Ndikupempha a Nduna ya Zamtengatenga, akuluakulu a nthambi yoona za maulendo a panyanja, aphungu a m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi mafumu athu kuti asasaine kanthu asanaone masamu. Atiuze tikiti idzakhala ndalama zingati, masiku angati pa chaka sitimayo idzatha kunyamuka, mafuta adzalipira ndani, ndipo ikawonongeka adzaikonzera kuti. Ngati ndi ngongole, atiuzenso, poti obweza ndi adzukulu athu.

Ndalamazo ngati zilipodi, gulani sitima yapakatikati yokhala ndi malo a katundu, iziyenda Nkhata Bay, Chizumulu, Likoma katatu pa sabata pa nthawi yodziwika, mangani madoko pomwe palibe, ndipo boti lothamangalo likhale limodzi lonyamula odwala. Bwana uja abwerenso mu Julaye, koma ulendo uno pamadzi, ndidzamusungira malo pamwamba pa matumba anga.

Ine wanu wokhumudwa,
Mayi wa geni ya usipa,
Likoma