Kalata ya abusa: za kuyezetsa hepatitis B

Okondedwa mwa Ambuye,

Mtendere wa Ambuye Yesu ukhale nanu nonse.

Ndakulemberani za hepatitis B, kachilombo kamene kamawononga chiwindi mwakachetechete. Munthu amatha zaka 20 ali nako, akugwira ntchito, akuyimba kwaya, osamva kuwawa paliponse. Maso akamayamba chikasu, mimba n'kudzadza madzi, nthawi zambiri chiwindi chimakhala chitauma kale kapena khansa italowa.

M'chaka cha 2016 mayiko anagwirizana ku bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO kuti pofika 2030, anthu 90 mwa 100 alionse amene ali ndi kachilomboka akhale atadziwa. Koma lipoti la bungweli la 2024 linapeza kuti mwa anthu 254 miliyoni amene anali nako mu 2022, odziwa anali 13 okha mwa 100 alionse. Lonjezo lilipo papepala, zoyezera ndiye sizinafike kwa anthu ambiri. Boma likamawerenga ana obayidwa katemera koma osadziwa kuti makolo awo odwala ndi angati, lasiya ntchito pakati.

Chimandipweteka kwambiri ndi cha amayi oyembekezera. M'zipatala zambiri mayi akapita ku sikelo amamuyeza HIV ndi chindoko, za chiwindi osazitchula n'komwe. Chonsecho ana 9 mwa 10 otenga kachilomboka pobadwa amakhala nako moyo wonse. Katemera wobaya pasanathe maola 24 mwana atabadwa amateteza, ndipo mayi amene ali ndi tizilombo tambiri m'magazi angapatsidwe mankhwala a tenofovir mimba isanafike pochira kuti asapatsire mwana. Koma adokotala angapereke bwanji mankhwala kwa munthu amene sanamuyeze?

Choncho amayi, mukapita ku sikelo funsani kuti, "Kodi za chiwindi mwandiyeza?" Abambo, muwaperekeze ndipo muyezetse nanunso. Wina akapezeka nako, onse a m'nyumbamo ayezedwe, amene alibe alandire katemera. Akakuuzani kuti zoyezera palibe, mudziwitse akulu ampingo, kuti tikalankhule ndi akuluakulu a zaumoyo monga mpingo.

Ndipo pasapezeke wosala mnzake. Kachilomboka kamayenda m'magazi, pogonana ndi pobereka. Sikafala popatsana moni wa m'manja, pokumbatirana kapena podyera pamodzi, choncho mbale wathu amene ali nako akhale nafe pa gome la Ambuye monga mwa nthawi zonse.

Ine mtumiki wanu mwa Khristu,
Mbusa wa mpingo