Kalata yochokera ku Joni

Wokondedwa mng'ono wanga,

Ndikhulupirira nonse muli bwino kumudziko. Ine kuno ku Johannesburg ndili bwino, kungoti chisanu cha mwezi wa Juni chafika povuta. M'mamawa kapinga wa kwa abwana amachita kuyera mbuu. Ndalama yogulira matumba ndi mankhwala a anankafumbwe ndatumiza pa Mukuru, uwaperekeze amayi akatenge, asaiwale chitupa chawo.

Wanena kuti ukalemba mayeso a MSCE ukufuna unditsatire, ndipo ukuti Chingerezi sichikuvuta. Sindikukana, mutu wako ndimaudziwa. Koma pali kamawu kamodzi komwe ndikufuna ukadziwe bwino usanakwere basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Kamawuko ndi sharp.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti sharp ndi chinthu chakuthwa, monga mpeni kapena chikwanje chonoledwa. Ukangotsika pa Park Station udzakamva paliponse, mpeni osauona. Munthu akakuyang'ana n'kunena kuti "sharp?" ndiye moni, akufunsa ngati uli bwino, ndipo umayankha "sharp sharp" utaimika chala chachikulu. Mu minibasi, yomwe kuno amati taxi, ndalama timapatsirana kuchokera kumbuyo mpaka ifike kwa wokhala pafupi ndi dalaivala. Chenji yako ikabwerera, "sharp" ndiye zikomo. Mukamvana mtengo wa ganyu, sharp. Posiyana, sharp. Ndi "shapu" yomwe ija anyamata amanena pa msika wa kwathu.

Ukalowa pageti pa abwana kamasintha nkhope. Akati "seven sharp" sakukupatsa moni ayi, akunena 7 koloko ndendende. Ukafika itapitirira ndi mphindi 10 ukhoza kupeza wina atagwira kale fosholo, poti ofuna ganyu amadzaza pamphambano kukadali mdima. Akanena kuti mnyamata uyu ndi sharp, akukuyamikira kuti umagwira zinthu msanga. Ukatchena Lamlungu popita kutchalitchi, anzako adzatinso ukuoneka sharp.

Chomwe chandilembetsa zonsezi ndi zimene zinamuchitikira mnzanga amene timagona nyumba imodzi. Anadwala chifuwa, ululu wobaya mpaka kulephera kukoka mpweya. Kuchipatala namwino anamufunsa ngati ululuwo uli sharp, kutanthauza wolasa ngati singano. Iye anamva ngati akumufunsa ngati akupezako bwino, ndiye anapukusa mutu n'kuti "not sharp". Namwino anayamba kulemba kuti ululu si wobaya. Mwayi wake pabenchi panali mayi wina wa ku Chipata amene anamva tikulankhula Chichewa. Anadzuka n'kulongosola bwinobwino, ndipo namwino anamuyezanso mnzangayo mwachangu. Chinali chibayo. Pano wachira, wabwerera kuntchito, koma ndikakumbukira mtima umandigunda.

Ndiye mbale wanga, ukadzafika uzidzayang'ana amene akulankhula ndi pomwe mwaima. Kuchipatala, kupolisi ndi pa nkhani ya malipiro usadzangogwedeza mutu chifukwa cha manyazi. Udzafunse kuti abwereze, ngakhale kawiri. Anthu a kuno amalankhula zinenero zambiri, zovomerezeka ndi boma zokha zilipo 12, ndiye kufunsa sadabwa nako.

Za pasipoti uyambiretu kuyendetsa, ndipo usamvere aliyense wokulonjeza kukuwolotsa Limpopo usiku. Ukandilembera undiuze ngati denga la khitchini analikonza, komanso mwendo wa agogo ukupeza bwanji. Upereke moni kwa amayi, amalume ndi ana onse.

Ndine mkulu wako.