Tilembereni mbiri ya mpingo wa Zambezi Evangelical

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipemphe kudzera m'nyuzipepala yanu kuti mbiri ya mpingo wa Zambezi Evangelical ilembedwe m'Chichewa akuluakulu athu adakali moyo.

Achinyamata ambiri kuno ku Salima amaganiza kuti mpingowu ndi wa dzulodzuloli, ngati ina ija yopempherera m'makalasi a sukulu Lamulungu. Ayi ndithu. Muzu wake uli ku Mitsidi, mu Blantyre, kumene Joseph Booth anayambitsa Zambezi Industrial Mission m'chaka cha 1892. Cholinga chake chinali choti mishoniyo izidzidalira, ndipo n'chifukwa chake analima khofi wambiri n'kumaphunzitsa anthu ntchito zamanja pamodzi ndi Mawu a Mulungu. John Chilembwe, yemwe nkhope yake timaigwira tsiku ndi tsiku pa ndalama zathu, ankagwira ntchito pakhomo pa Booth. Anabatizidwa mu 1893, n'kupita naye ku America mu 1897, ndipo atabwerako anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu.

Izi zili m'mabuku a Chingerezi. Chomwe chimandiwawa ine ndi cha aphunzitsi ndi alaliki achikuda amene ankayenda wapansi, Baibulo lili m'thumba lansalu, n'kumasonkhanitsa anthu pansi pa mtengo. Mayina awo atsala m'mitu ya agogo okha, ndipo agogowo akutha.

Tumizani atolankhani anu ku Mitsidi akacheze ndi abusa opuma ndiponso amayi achikulire a mumpingomo, aone makaundula akale a ubatizo chiswe chisanawamalize. Mukatero muzitisindikizira pang'onopang'ono sabata iliyonse.

Wowerenga wanu,
Salima